Tsiku Limene Ndinakomokera Malume

Kusukulu kwathu mukafunsa kuti katswiri wa kukomoka ndani, ngakhale mwana wa Fomu 1 akulozerani ine. Sindikudzichemerera ayi, ndi mbiri chabe. Ndinayamba tsiku lina atatipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala dzuwa lili paliwombo. Nditaona kuti ine ndi khasu sitikumvana, ndinangoti khu! pansi. Anzanga anandinyamulira pansi pa mtengo wa mango, wina akundikupiza ndi kope, wina akundimwetsa thobwa lake, dzenje n'kumalizidwa ndi anthu ena. Kuchokera pamenepo chinthuchi ndinachiphunzira ngati phunziro la mayeso. Wokomoka sasankha pogwera. Amayamba ndi mawondo, mutu umabwera pambuyo. Maso osafinya, chifukwa zikope zofinya zimanjenjemera n'kukugwiritsa. Ndipo chachikulu, osafulumira kutsitsimuka.

Zina ndinachitaponso, monga chitedze pa benchi ya mapulifekiti ndi nanzikambe m'thumba la jekete la aphunzitsi a masamu. Palibe chimene ndimapepesa, onse aja anali atandiputa. Koma ntchito imene ndimainyadira kuposa zonse ndi imene ndinagwirira malume anga ndili Fomu 3, ngakhale amayi akaikumbukira amandiyang'anabe ngati mbuzi yadya mbewu.

Malumewa anali achimwene awo a amayi, oyamba kubadwa, ndiye mwinimbumba wathu. Kwathu kuno, mbali ya Nazombe, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo anga ndi munthu wabwino, fizi amalipira, koma iwo omwe amanena kuti pamudzi pano ndi tambala wobwereka. Mtsikana akafuna kukwatiwa, munda ukafuna kugawidwa, wina akadwala mwakayakaya moti n'kufunika kuchipatala, mawu omaliza amachokera kwa malume. Bambo akangonyamula mwana mwa iwo okha, mwanayo n'kukafera m'njira, mlandu wake sutha.

Moyo wawo wonse malume anathera m'madzi ofika m'mawondo, kulima mpunga kuchigwa. Akaweruka, kachasu. Sanali chidakwa chogona m'ngalande. Ankamwa mwaulemu atakhala pa mpando wawo wa ndalema, koma ankamwa tsiku lililonse limene Mulungu analenga. Akazi awo atamwalira anabwerako kuchikamwini n'kumanga kanyumba pafupi ndi yathu, ndiye ndinakula ndikuwaona m'mawa uliwonse akutsuka m'kamwa pakhonde, akundifunsa kuti, “Lero walakwira ndani, iwe?”

Chinthu chimodzi chokha ankachiopa. Ndili wamng'ono kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu amene ankati amayenda kupopa magazi a anzawo n'kukagulitsa. Midzi yonse kuno inatekeseka. Malume ndi amene ankatsogolera abambo kutseka msewu ndi zipika, wezulo ili pakhosi, chikwanje chili m'manja. Mphekeserayo inazilala, zipika zija amayi athu anasonkhera moto, koma mwa malume sinathe. Ankati anamapopa sanachoke, anangovala zoyera. “Ukangowapatsa mkono, amadzaza mabotolo, n'kuika m'bokosi lozizira, mawa lake ali kutsidya kwa malire.” Chikhalirenicho sanapondenso pakhomo la chipatala.

Mimba ya malume inayamba kukula m'nyengo yozizira. Poyamba tinkaseka, ine makamaka, kuti malume ali ndi pakati ndipo tiyambe kusoka matewera. Iwo ankaseka nawo. Koma pofika pokolola nandolo kuseka kunali kutatha. Mimba inali itawala ngati chikho chopaka mafuta, mchombo utatuluka, mitsempha ikuoneka ngati mizu ya kachere. Manja anaonda, mapazi anatupa moti patapata anakana kulowa. Maso anasanduka achikasu ngati papaya lakupsa. Ena ankati anaponda chambu, mankhwala otchinjiriza mbewu, m'munda wa eni, ena ankati anadyetsedwa kumowa. Sing'anga anabwera, anawatema mphini kuzungulira mchombo, anatenga nkhuku yake n'kumapita.

Kenako inafika sabata imene zinthu zinasintha mwachangu. Thupi linatentha. Mimba ija, imene kale inkangolemera, inayamba kupweteka moti ngakhale chitenje chikawakhudza ankabuula. Ankagona usana wonse, akadzuka n'kumandilankhula Chilomwe chokhachokha, chikhalirecho amadziwa kuti ine Chilomwe ndimamva chotukwanira basi. Tsiku lina anaitana amayi ndi dzina la agogo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Amayi anagwada pambali pa mphasa. “Achimwene, tiyeni kuchipatala, chonde.”

“Ukandigulitse?” Anawaponyera kapu.

Nkhani inathera pomwepo. Apa ndi pamene ndinaona pamene mwambo wathu unasiya mpata: mwinimbumba amatengera aliyense kuchipatala, koma iye womutengera palibe. Amayi sakanatha kuwakoka achimwene awo ngati thumba. Malume aang'ono anali ku Blantyre kuntchito, pafoni ankangoti, “Anyengerereni.” Bambo anali kunyanja ya Chilwa kukapikula matemba, ndipo ngakhale akanakhalapo, tambala salamula khola la eni. Tonse tinkaona kuti munthu akupita, ndipo tonse tinkamupatsa ulemu kuti apite bwino.

Ine ulemu wotero ndilibe. Ndinakhala pa chulu kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuwerengera, osati mankhwala, koma anthu. Amayi ndinkawadziwa: za achimwene awo amagonja, koma za mwana wawo sangagonje. Ndikadwala ine, adzalira chipatala mpaka chitheke. Malume ndinkawadziwanso: sangalole mwana wa mbumba yawo alowe m'nyumba ya anamapopa popanda iwo kuimirira pambali. Mantha awo omwewo ndiwo akanawanyamula. Ndinangofunika kugwa pamalo oyenera.

Loweruka m'mawa ndinapita kumjigo. Pobwera ndinathamanga pang'ono kuti thukuta lituluke ndi mtima ugunde. Malume anali pakhonde atatsamira khoma, ndipo tsiku limenelo mutu wawo unali bwinoko. Amayi ankapeta nandolo pabwalo. Nditafika pakati pa awiriwo ndinaima, ndinaitana “Amayi” ndi mawu aang'ono, mawondo n'kuyamba. Ndowa inagubuduka, madzi anandithira kumaso, chigongono chinamenya mwala. Ndinamva kuwawa koma sindinagwedezeke. Kugwa kumene kuja aphunzitsi a sewero akanakuona akanandipatsa malikisi onse.

Lichero linagwa. Amayi anandigwira mutu, anandigwedeza, anandiwomba mbama zing'onozing'ono, akuitana Yesu ndi ine mosinthanasinthana. Ndinaluma kachidutswa ka sopo kamene ndinabisa m'tsaya, thovu n'kuyamba kutsika. Kupyolera m'nsidze ndinaona nkhope yawo. Chimenechi sindinachiwerengere pa chulu paja. Kusukulu anthu akandiona nditagwa amadandaula ngati anthu oonera ngozi ya eni. Amayi nkhope yawo inachita ngati yagumuka. Pang'ono ndikanadzuka. Koma ndinamva malume akubuula pofuna kuimirira, ndipo ndinadziuza kuti mtsikana iwe, khala wakufa.

“Njinga! Itanani wanjinga!” amayi anakuwira ana a pakhomo loyandikana.

“Mukupita naye kuti?” anafunsa malume.

“Kuchipatala.”

“Sing'anga ali pafupi pompa.”

“Sing'anga wanuyo wakuchitirani chiyani inu? Achimwene, za inu ndakhala chete. Uyu ndi mwana wanga. Mundimenye, koma ndikupita naye.”

Sindinawamvepo amayi akuwayankha chotero. Nkhuku zinkajompha nandolo wotayika uja. Kenako malume anati, “Ndipatseni ndodo yanga ndi jekete. Ndikaone amene ati amugwire.”

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Ine ndinali pakati pa woyendetsa ndi amayi, mutu uli lendelende. Malume anali pambuyo pa njinga ina, atamangidwa ndi chitenje kwa mnyamata woyendetsayo kuti asagwe. Msewu wathu wopita ku Migowi m'chilimwe umakhala mabampu okhaokha ndi fumbi, ndipo pabampu lililonse ndinkamva kubuula kwawo kukupitirira phokoso la injini. Apa mantha anandigwira enieni. Ndinaganiza kuti mwina ndawachotsa pamphasa pawo kuti akafere pamsewu, pakati pa anthu ogulitsa tomato. Wokomoka satembenuka, ndiye ndinangomvetsera. Akabuula ndinkati zikomo, adakalipo. Pa Migowi titalowa msewu wa tala anasiya kubuula, ndipo mtunda umenewo ndi umene unanditalikira kuposa wonse.

Ubwino wina wa kukomoka ndi woti suima pamzere. Titafika anandiika pa kabedi ka matayala, tinadutsa anthu onse odikira, mpaka m'kachipinda ka adokotala. Anali mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anandigwira pamkono, ananditsegula diso, ananunkhiza thovu lija. Kenako ananyamula dzanja langa pamwamba pa nkhope yanga n'kulisiya. Dzanja lopusalo, m'malo mogwera pamphuno, linapatuka lokha n'kugwera pambali. Zaka zonsezi palibe anandiyesapo choncho.

Anawerama ngati akumvetsera pachifuwa. “Sopo wochapira,” ananong'ona. “Ukuthawa mayeso kapena uli ndi mimba?”

“Mimba ili ndi malume,” ndinanong'ona nanenso, milomo isakugwedezeka. “Onani pakhomopo. Amakana kubwera. Amaopa anamapopa.”

Ataweramuka anayang'ana pa benchi ya pakhomo pamene malume anakhala, thukuta lili kamukamu, ndodo ili pakati pa miyendo, maso achikasu aja akulondola dzanja lililonse loyandikira kwa ine.

“Mtsikana akagwa chonchi timayeza magazi,” anatero adokotala. “Malungo, shuga, ndi kuchuluka kwa magaziwo.”

“Ayi!” Malume anamenya ndodo pansi. “Mpatseni mapilitsi tizipita.”

“Ndinu ndani wake, bambo?”

“Mwinimbumba.”

“Ndiye ndinu oyenera. Botolo lake ndi ili.” Anawaonetsa kabotolo kosaposa chala chaching'ono. “Mulinyamula nokha kupita nalo koyezera. Muimirire pomwepo mpaka amalize. Likasowa mundigwire ine.”

Malume anakatembenuza kabotoloko, anakayang'ana kunsi ngati kali ndi chibowo chobisika. Amayi ankalira chamumtima. Pomaliza malume anati, “Kamodzi. Mukatenga kachiwiri ndiphwanya mawindo.”

Pano ndinene chilungamo: ine jakisoni ndimamuopa kuposa njoka. Namwino atamanga mkono wanga ndi kalamba, singano n'kulowa, ndinakuwa kuti “Mayo ine!” n'kudzuka tsonga. Ndinaona magazi anga akukwera m'kabotolo, chipinda chinayamba kuzungulira, m'makutu munalira nyenje. Ndinatsala pang'ono kukomoka zenizeni, ndipo ndinaona kuti zenizenizo sizikoma n'komwe.

Malume anapita ndi namwino, akutsamira khoma, kabotolo atakafumbata pachifuwa. Anakhalitsako. Pobwera anadzigwetsa pa benchi, akupuma ngati akwera phiri. “Kamakina kake kangomwa kadontho,” anauza amayi, ngati munthu amene wagonja pa mkangano. “Otsalawo aponya m'chitini cha zootcha. Ndaona ndi maso angawa.”

Adokotala anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Sanawazembere. “Bambo, mwanayu alibe vuto lililonse. Sanakomoke. Anachita dala kuti inu mufike kuno. Odwala m'chipinda muno ndi inu, ndipo mukudwala kwambiri. Sindikugwirani popanda chilolezo chanu. Koma mukabwerera chonchi, ndikuopa kuti simukhalitsa.”

Mbama ya amayi inafika ndisanaione. Inali yeniyeni, ya dzanja lopeta nandolo. Malume sanandiyang'ane n'komwe. Anaimirira pang'onopang'ono. “Wandichititsa manyazi pamaso pa alendo,” anatero. “Tiye kwathu, mlongo.” Anafika pachitseko, anagwira felemu, n'kuima. Ndikuganiza kuti ankakumbukira mabampu aja.

Tsaya likuyaka, ndinati, “Malume, pitani. Koma magazi anga atsala kuno.”

“Ndati aponya m'chitini.”

“Inu mwaona chitini. Za kuseri kwa chitini mwaziona? Ngati mawa akuwoloka malire, ndiye kuti akuwoloka okha, magazi a mwana wamkazi, opanda wowaperekeza. Mwinimbumba wake wathawa.”

“Iwe, tseka pakamwa!” anatero amayi.

Malume anatembenuka. Anandiyang'ana, kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ankaseka, ndipo kusekako kunkawapweteka, moti anagwira mimba ndi manja onse awiri. “Mwana uyu ndi mfiti,” anauza adokotala. “Anabadwa ndi mano.” Anabwerera pa benchi, anapinda jekete, anatambasula mkono, nkhope atalozetsa kukhoma. “Anga anyamule ndi iyeyu. Akasowa ndimudula makutu.”

Ndinanyamula mabotolo awo, otentha m'dzanja langa. Bambo wa koyezera atamva kuti ndimaphunzira bayoloje anandilola kusuzumira pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Zimene ndinkaloweza pofuna kukhoza mayeso zinali pamenepo, timadontho tofiirira, pakati pake tina tokulirapo ta mitima yopindikapindika. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu ngati malume, wa ndodo ndi wezulo, angakwane pa kagalasi kotero.

Zotsatira zitabwera adokotala anawafotokozera mwa njira imene aphunzitsi athu sanaiganizepo. Anati m'magazi muli asilikali a mitundu ingapo. Ena ndi othamanga, amene amayamba kufika kukabuka nkhondo. Ena ndi odekha, osunga mudzi. “Mwa inu othamangawo achuluka kwambiri, odekhawo achepa. Ndiye kuti penapake pali nkhondo. Chiwindi chanu chinauma, n'chifukwa chake madzi akudzadza m'mimba, ndipo ndikukayikira kuti tizilombo talowa m'madzimo. Magazi angotilozera. Kuti titsimikize, titengeko madziwo.”

Malume anangogwedeza mutu movomera. Munthu akawoloka mtsinje woyamba, wachiwiri savulanso nsapato. Anawabaya pambali pa mimba, ndipo madzi amene anatuluka anali a mbuu ngati otsukira mpunga. Adokotala anati madzi opanda tizilombo amakhala oyera bwino, achikasu pang'ono. Sanadikire zambiri. Tsiku lomwelo anawagoneka m'wodi ya abambo n'kuyamba kuwapatsa mankhwala a m'mitsempha.

Tinakhala kumeneko kupitirira sabata. Amayi ankaphika ku shedi ya magadiyani, ine ndinkatunga madzi, kutaya mtsuko wokodzeramo malume, ndi kuthamangitsa ntchentche. Amayi sankandilankhula kupatula potuma. Masiku oyamba malume ankangogona. Kenako thupi linazizira, mimba inasiya kuwawa ikakhudzidwa, ndipo m'mawa wina anatsegula maso n'kunditukwana m'Chichewa chomveka bwino chifukwa phala linali lozizira. Ndinatuluka panja n'kuvina pang'ono kuseri kwa thanki.

Ndinkayesa kuti ndapambana, basi, nkhani yatha. Sindinkadziwa kuti magazi ukawafunsa funso limodzi amayankha awiri.

Atatsala pang'ono kutitulutsa anawatenganso magazi, ndipo masana ake adokotala anabwera n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anafunsa malume ngati akufuna kuti ine ndituluke.

“Msiyeni. Mukamutulutsa akamvera pawindo.”

Anati tizilombo ta m'madzi tagonja. Koma chiwindi sichibwerera. Anati chinaukiridwa ndi akuba atatu: kachilombo ka chiwindi kamene mwina anakhala nako kuyambira ubwana osadziwa, likodzo la m'madzi a mpunga, ndi kachasu. Anati ifenso a m'nyumba tiyezetse kachilomboko. “Pali zina zimene magazi akunena. Mukufuna kuzimva, kapena ndiuze achemwali anu okha?”

“Mimba ndi yanga. Nenani.”

“Chikasu chija m'magazi chakwera. Zimene chiwindi chimapanga kuti magazi aziundana ndi kuti madzi asamatuluke m'mitsempha zachepa. Impso nazo zayamba kutopa. Chimodzi pachokha sichinena zambiri, koma tikaziika pamodzi zimatiuza kuti mphamvu zatsala zochepa. Tsiku sindilidziwa, ndipo amene angakuuzeni tsiku akunama. Koma anthu amene magazi awo afika apa, makamaka atadwalapo matenda a m'madziwa, kawirikawiri saona nyengo zambiri.”

Pa bedi loyandikana wina ankamvera mpira pa wailesi. Malume anayang'ana kudenga.

“Mpunga wa chaka chino ndibzale?”

“Bzalani. Koma musabzale nokha. Pakhale wina wodziwa zonse zimene inu mukudziwa.”

Anawauza kuti kachasu asiyiretu, mchere achotse m'zakudya chifukwa umakoka madzi, ndipo thupi likangotentha kapena mutu ukasokonekera abwere tsiku lomwelo. Malume anati, “Zikomo, mwana wanga,” n'kutembenukira kukhoma.

Panja, pafupi ndi mpopi, amayi anandilankhula koyamba. Sanakuwe. “Wasangalala? Munthu akanagona pamphasa pake osadziwa kanthu. Tsopano wamusenzetsa maliro ake omwe. Azidzuka nawo, azigona nawo.”

Mawu amenewa ndakhala nawo nthawi yaitali. M'kalasi anatiphunzitsa kuti magazi amanyamula mpweya ndi chakudya. Palibe anatiuza kuti amanyamulanso uthenga, ndi kuti uthengawo ulibe ulemu, sudikira kuti munthu adye kaye. Mwina malume sankaopa bokosi lozizira lokha. Mwina penapake mkati ankadziwa kuti kanthu kako kakatuluka m'thupi n'kukafika m'manja mwa anthu ena, kamakaulula zimene iwe wakhala ukudzibisira. Ndipo amayi sankanama: munthu wosadziwa amagona tulo tabwino.

Koma ndinawaona malume sabata ija tisanapite kuchipatala. Kumene kuja sikunali kugona tulo tabwino. Munthu ankaitana akufa, osadziwa kuti ali pati. Akanapita chomwecho, ife tikugwada mwaulemu pambali. Amene anabwerera kumudzi anali munthu wodziwa dzina lake ndi la mlongo wake. Ngati mtengo wake unali kudziwa, ine ndikuti unali wotchipa. Amayi amati ndikunena chonchi chifukwa ndine mwana. Mwina. Koma mutandibwezera pabwalo paja ndi ndowa pamutu, ndingagwenso, ndipo ulendo uno ndingasankhe popanda mwala.

Titafika kumudzi malume anaitanitsa mbumba yonse, malume aang'ono nawo anabwera kuchokera ku Blantyre. Ndinkayesa kuti alankhula za minda. Anayamba ndi ine. Anandigwaditsa pakati pa bwalo.

“Mwana uyu ananamiza mayi ake. Anataya madzi. Anakweza mwinimbumba pa njinga ngati mbuzi ya pamsika. Mlanduwu ndauweruza. Wandilanda kachasu, palibe kanthu, iye samwa. Koma wandilandanso mchere. Ndiye kuyambira lero adzidya m'mbale imodzi ndi ine. Chimene ndikudya ine, adye chomwecho.”

Anthu anaseka, ine ndinasekanso, poyesa kuti chibalo chimenechi n'chopepuka kuposa dzenje la zinyalala. Ndinalakwitsa. Nandolo wopanda mchere amakoma ngati dothi lonyowa. Therere lopanda mchere sindifuna n'kulifotokoza komwe. Tinkakhala awiri pakhonde, mbale ili pakati, tikuyang'anana ngati anthu a m'ndende imodzi. Tsiku lina ndinabisa kamchere m'mpindiro wa siketi. Anandigwira dzanja ndisanafike nako pakamwa. “Ndinali wakuba iwe usanabadwe,” anatero. Pambuyo pake tinaphunzira kufinyira mandimu ndi kuthira tomato wambiri, ndipo zinayamba kudyeka.

Pa mbale imeneyo anandiuza zambiri zimene sindinkazidziwa: mmene makolo awo anayendera kuchokera kutsidya, mwana amene anamwalira ali wakhanda amene sankamutchula, chifukwa chimene anayambira kumwa. Mvula itagwa tinawakweza panjinga yakapalasa, ine ndikukankha, kupita kuchigwa. Anaonetsa amayi ndi malume aang'ono malire onse a minda, pamene madzi amalowera, pamene amafunika kutseka. M'madzi sanalowenso. Ankakhala pamtumbira n'kumakalipira aliyense wowokera mopindika.

Kuchipatala anabwererako kangapo kukachotsa madzi, mwa kufuna kwawo. Musaganize kuti anasiya kukhulupirira anamapopa. Ankauza anzawo kuti alipo ndithu, kungoti ali m'zipatala zina. “Chathuchi ndinachiyendera ndekha,” ankatero.

Mpunga anauona utacha. Anauona ukumwetedwa, anagwira thumba loyamba n'kunena kuti sunaume bwino. Chiperoni chitayamba kuwomba anayamba kugona kwambiri. Titawatengera kuchipatala, ulendo uno adokotala anatiuza kuti si tizilombo, ndi chiwindi chimene chafika pomaliza. Malume anapempha kuti abwerere kunyumba, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale ine. Anamwalira m'mawa wina kukuzizira, amayi atawagwira dzanja.

Titabwerako kumanda amayi a mpingo anagawa chakudya. Anandipatsa mbale yanga ndekha, nyemba ndi kabichi. Nditaika m'kamwa ndinatsala pang'ono kulavula. Mchere unandiluma lilime ngati wina wakhuthulira paketi yonse mumphika. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene wandichita chipongwe, poti adani ndili nawo ambiri. Koma anthu onse ankadya bwinobwino, ena akunyambita zala.

Amayi anali pafupi, maso atatupa. Anaona ndagwira mbale osadya. Anatapa pang'ono ndi chala n'kulawa.

“Mchere wake ndi wa masiku onse,” anatero.

Kenako anandilanda mbaleyo, analowa m'khitchini, n'kubwera ndi chinangwa chophika ndi madzi okha, ndi theka la ndimu. Anaika pamiyendo panga n'kubwerera kukalandira alendo.